Ndilembe modzichepetsa kapena mocheza? Kamvekedwe ka chimangirizo chofunsira malo ku yunivesite yakunja

Funso

Madamu, ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Mulanje. MSCE ndinakhoza bwino, ndipo panopa ndikuchita A-level mu Blantyre pa basale. Ndikufuna kukaphunzira uinjiniya wa zamadzi, ndiye ndikufunsira malo ku America kudzera pa fomu ya pa intaneti ya Common App, komanso ku Britain kudzera pa fomu ya UCAS. Chimangirizo chofotokoza za ine mwini chomwe amafuna pa mafomuwa chandiimitsa mutu. Aphunzitsi anga a Chingerezi akuti ndilembe mwaulemu kwambiri, ndi mawu akuluakulu, azungu aone kuti chizungu ndimachitha. Msuweni wanga yemwe ali ku Indiana, ku America, akuti ayi, ndilembe ngati ndikucheza ndi mnzanga, nthabwala zikhalemo. Amalume akuti ndifotokoze za umphawi wathu ndi mmene namondwe wa Freddy anatigwetsera nyumba kuti andimvere chisoni. Ine ndimafuna kulemba za mjigo wa m'mudzi mwathu. Amayi ndi msungichuma wa komiti ya mjigowo koma salemba bwino, ndiye kaundula ndakhala ndikulemba ndine kuyambira ndili Fomu 1. Koma ndikuopa kuti mwina ndi nkhani yachabechabe. Ndimvere ndani?

Yankho

Mwana wanga, lemba za mjigo. Anthu atatu akulangizawo aliyense wagwirako kambali ka zoona, koma palibe amene wayamba wafunsa kuti chimangirizochi akachiwerenga ndani, ndipo akamawerenga akhala akufunamo chiyani. Kamvekedwe ka mawu kamachokera pamenepo.

Zinthuzi zimatisokoneza kuno chifukwa sitinakule nazo. Ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS ndi Mzuni ana amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo zoyankhula ndi mapointi a MSCE ndi magiredi a maphunziro oyenera. Palibe amakufunsa kuti ndiwe munthu wotani. Zolemba zomwe tinazolowera n'ziwiri basi: chimangirizo cha pamayeso, choonetsa wochonga kuti galamala ukuidziwa, ndi kalata yofunsira ntchito, ija imayamba ndi kugwada n'kuthera pa kuwomba m'manja. Mwana akauzidwa kuti alembe za iye mwini amatola chimodzi mwa ziwirizi, ena amaphatikiza. Zonsezo pano sizigwira.

Chimangirizo cha Common App ndi cha mawu osachepera 250 ndi osapitirira 650, ndipo chimodzi chomwecho chimapita ku makoleji omwe wasankha pa fomuyo. Pali mafunso 7, umasankhapo limodzi. Lina limafunsa za komwe unachokera kapena chinthu chomwe umachikonda kwambiri, lina za vuto lomwe unakumana nalo ndi zomwe unatolapo, ndipo lomaliza limakusiya usankhe wekha mutu. Wowerenga ali nazo kale pamaso pake zotsatira za mayeso, mndandanda wa zomwe umachita kunja kwa kalasi, ndi makalata a aphunzitsi ako. Kumbuyo kwako kuli mulu wa mafayilo ena ukumudikira. Chomwe akufuna m'chimangirizo ndi chomwe magiredi sanganene: mwanayu amaganiza bwanji, zikamuvuta amatani, nanga tikamuika chipinda chimodzi ndi mwana wa ku Ohio kapena wa ku Seoul adzakhala naye bwanji. Ku makoleji ambiri a kumeneko ophunzira amagonera pomwepo, ndiye funso lomalizali saliona mwachibwana.

Ndiye yankhula mmene umayankhulira ndi mphunzitsi amene umamulemekeza koma sumuopa, uja umatha kumutsatira pakhonde kalasi itatha n'kumuuza chomwe chakusangalatsa. Pamenepo sugwada, suchita mwano, sunamizira kudziwa zonse, ndipo choseketsa chikabwera chimabwera chokha.

Aphunzitsi ako akunena zoona pa ulemu ndi pa galamala. Chimangirizo chokhala ndi zolakwika zambiri chimaonetsa kuti mwini wake sanachisamale. Koma pa mawu akuluakulu ndikutsutsana nawo. Chingerezi chako amachiyeza kwina, ndi magiredi ako komanso mayeso monga IELTS, TOEFL kapena Duolingo English Test. Ndipo masiku ano chizungu chosalala chinatsika mtengo, chifukwa ChatGPT imachitulutsa m'kamphindi. Mu 2024 zinamveka kuti yunivesite ya Duke ya ku America inasiya kupereka malikisi pa zimangirizo, pa chifukwa choti sangadziwenso ngati walemba ndi mwanayo, makina, kapena munthu wolipidwa. Amawerengabe, koma kuti amudziwe mwanayo. Mawu otoledwa mu dikishonale samudziwitsa munthu chilichonse, amangomubisa.

Ndikuonetse pafupi. Ndilemba m'Chichewa kuti timvane, iwe ukalemba m'Chingerezi. Chimangirizo cha mtundu womwe ana ambiri amabwera nacho chimayamba chonchi:

"Kuyambira ndili wamng'ono ndakhala ndi chikhumbokhumbo chosasimbika chotukula miyoyo ya anthu ovutika a m'dera langa lokondedwa, pakuti madzi ndi moyo."

Palibe cholakwika m'chiganizochi, koma aliyense angachilembe, wa ku Nsanje, wa ku Chitipa, ngakhale wa ku Kampala. Chotsa dzina lako uikepo la wina, sichisintha. Tsopano tiyerekeze kuti m'kaundula wako muli nkhani yonga iyi:

"Mjigo wathu umafa mu Okutobala. Ndinazindikira izi ndili Fomu 2, nditaona kuti masamba onse omwe ndinalembapo ndalama za labala ndi za makaniko anali a mwezi umenewo kapena wotsatira. Ndinauza amayi kuti labala tizigulira mu Juni, anthu akadali ndi kandalama ka zokolola. Pa msonkhano wapampando anati mwana aziwerenga za kusukulu. Chaka chimenecho tinatha masabata atatu tikutunga kumtsinje. Chaka chotsatira komiti inagula labala wosungira, ndipo palibe anatchula kuti ganizolo linali la ndani. Zinandipweteka pang'ono, koma madzi sanasiye kutuluka."

Taona kuti mulibe mawu ndi amodzi omwe odziyamikira. Sananene kuti ndi wanzeru, wolimbikira kapena mtsogoleri. Wangonena zomwe anaona, zomwe anachita, zomwe ena anamuyankha, ndi mmene anamvera mumtima. Wowerenga wafika yekha pa mfundo yoti mwanayu amatha kuona dongosolo m'manambala, ndipo sathawa akakanidwa. Kanthabwala kalimo, pa wapampando paja, koma sanachite kukakakamiza. Ngakhale ulemu ulimo: sanawanyoze akuluakuluwo. Nkhani yako yeniyeni idzakhala ina, usatengere iyi. Katsegule kaundulayo, uone chomwe unazindikira iwe, tsiku lomwe masamu sanagwirizane, banja lomwe linkalephera kupereka ndi zomwe komiti inachita nalo.

Apa ndi pomwe chikhalidwe chathu chimatigwira mwendo. Tinaleredwa kuti kunena "ine" n'kudzikweza, ndiye mwana amalemba kuti "tinakonza", "tinaganiza", "tinathandiza" mpaka wowerenga osadziwa kuti mwini chimangirizo anagwira pati. Malo omwe ukufunsirawo ndi a munthu mmodzi, si a komiti yonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pomwe unachita wekha nena kuti unachita wekha, pomwe munali gulu nena gulu, ndipo uonetse gawo lako. Kunena zomwe unachita n'kosiyana ndi kudzitama, ndipo njira yosiyanitsira ndi yophweka: pa chiganizo chilichonse dzifunse ngati munthu wa m'mudzi mwanu angachichitire umboni. "Ndinalemba kaundula wa mjigo kwa zaka zinayi" ali nacho umboni amayi, wapampando ndi bukulo. "Ndine mtsogoleri wobadwa nazo" alibe mboni. Choyambacho chisunge, chachiwiricho chichotse.

Za amalume ndichedwepo, chifukwa malangizo amenewa ndi ofala ndipo amachokera pa chikondi. Freddy anasakaza kwenikweni mu Malichi 2023, ndipo Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre anali pakati pa maboma ovulala kwambiri. Palibe angakuuze kuti kugwa kwa nyumba yanu ndi nkhani yaing'ono. Koma chisoni sichipereka malo. Wowerenga akhoza kugwidwa nacho chisonicho, n'kupukuta msozi, kenaka n'kudzifunsa kuti nanga za mwanayu ndadziwa chiyani, n'kupeza kuti wadziwa za namondwe yekha. Ana ofunsira malo kuchokera ku maiko a nkhondo, a chilala ndi a zivomezi ndi ambiri, ndipo mpikisano wa amene anavutika kwambiri si woti uulowe.

Komanso umphawi uli ndi malo akeake pa mafomu. Makoleji ambiri a ku America omwe amapereka thandizo la ndalama amafuna fomu ya CSS Profile kapena ina yofanana nayo, ndipo m'menemo mumalembedwa zomwe banja limapeza, mwa manambala. Pa Common App pomwepo pali malo ena, kupatula chimangirizo, ofotokozera zinthu zomwe zinasokoneza maphunziro ako. Pamenepo lemba mwachindunji: nyumba inagwa mwezi wakuti, sukulu inatsekedwa nthawi yakuti, mabuku anapita ndi madzi. Ziganizo zitatu kapena zinayi, zopanda kulira. Aphunzitsi aakulu akhozanso kuzitchula m'kalata yawo, ndipo zikachokera kwa iwo zimalemera kuposa zikachokera kwa iwe. Dziwanso kuti makoleji ochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth, amanena kuti posankha sayang'ana ngati mwana wakunja angathe kulipira. Ena ambiri amayang'ana, ndipo kwa iwowo kukupatsa malo n'kuika ndalama zochuluka pa iwe. Chimangirizo chiwaonetse chomwe udzabweretse pa sukulu pawo.

Sindikunena kuti Freddy asaonekemo. Ngati matope analowa mu mjigo, ngati munathira kolorini, ngati kaundula ananyowa n'kuyamba kumulembanso kuchokera m'mutu mwa amayi, ndiye namondweyo ndi gawo la nkhani ya mjigo, ndipo alowe. Vuto litenge mizere yochepa, zomwe unachita nalo zitenge yambiri. Ndipo ngati pali zina zomwe zikukupwetekabe moti sungazilembe osanjenjemera, zisiye. Palibe lamulo loti ugulitse bala lako kuti upeze sukulu. Kukakhala ku sikolashipu monga ya Mastercard Foundation, komwe cholinga chake n'kuthandiza ana anzeru osowa, akakufunsa za chuma cha banja uyankhe zonse mosabisa, koma kamvekedwe kakhale komweko, ka munthu wofotokoza, osati wopempha.

Pali china chomwe sunafunse koma chili m'kalata yakoyi. Wati amayi salemba bwino. Samala mmene uwalembere. N'kosavuta kuwasandutsa chithunzi cha mayi wakumudzi wosauka kuti iwe uoneke wowala pambali pawo. Koma mudzi wonse unawasankha kusunga ndalama, ndipo anthu sapatsa ndalama zawo munthu wamba. Mwina masamuwo amawerengera m'mutu n'kukupeza iwe wa cholembera utaphonya. Lemba moti wina atawamasulira chimangirizocho, asachite manyazi. Chimodzimodzi dziko lathu: usayambe ndi kufotokoza kuti Malawi ndi dziko losauka la kumwera kwa Africa, ngati lipoti la bungwe lopempha thandizo. Yambira pa mjigo, dzikolo lioneka lokha.

Msuweni wako ndiye wayandikira kwambiri, kungoti wapitirira. Kulemba momasuka n'kwabwino, ziganizo zazifupi n'zololedwa, ngakhale kufupikitsa mawu monga amachitira poyankhula Chingerezi sikulakwa. Koma wowerengayo si mnzako wa pa WhatsApp. Nthabwala siziwoloka nyanja bwinobwino. Zija timaserewulana za mitundu, za Mlomwe ndi Msena, kuno timaseka tonse, koma mlendo akaziwerenga papepala amaona tsankho. Kunyodola nakonso papepala kumamveka ngati mwano, chifukwa nkhope yomwetulira sikuoneka. Nthabwala yotetezeka ndi yodziseka wekha pang'ono, kapena yongofotokoza chinthu mmene chinachitikira. Usayeserenso kumveka ngati mwana wa ku America wa m'mafilimu. Akakuitana kukacheza nawe pa Zoom, kapena akayerekeza chimangirizo ndi zolemba zako zina, kusiyanako kudzaonekera. Liwu limodzi kapena awiri a Chichewa, monga mjigo lomwelo, ukhoza kuwasiya momwemo bola chiganizo chizionetsa chokha tanthauzo lake.

Ana ambiri a kuno amaganiza kuti popanda makina a mphepo ngati a William Kamkwamba wa ku Kasungu, yemwe anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth mu 2014, ndiye kuti alibe cholemba. Ndiye amakulitsa tinthu tating'ono, kalabu ya kusukulu ya anthu khumi n'kusanduka bungwe lopulumutsa atsikana a boma lonse. Owerenga aja anazolowera, amanunkhiza msanga. Kaundula wa zaka zinayi, wofotokozedwa mmene alili, amakhulupirika kuposa bungwe lofufumitsa.

Za chikhulupiriro, mwachidule. Ngati tchalitchi kapena mzikiti ndi gawo la moyo wako, ukhoza kulembapo, koma fotokoza zomwe umachita ndi zomwe umaganiza, usalalikire, chifukwa sukudziwa wowerenga amapemphera kuti kapena ngati amapemphera n'komwe. Makoleji achikhristu monga Wheaton College ku Illinois amafunsa okha za chikhulupiriro, ndipo kumeneko nkhani ndi ina.

Tsopano Britain. Apa usatumize chimangirizo chomwechija, chifukwa wowerenga wasintha. Ku UCAS umasankha maphunziro osapitirira 5, ndipo onse amaona zolemba zimodzi, ndiye usatchule dzina la yunivesite iliyonse. Kuyambira kwa olowa mu 2026, zolembazo zinagawidwa m'mafunso atatu: chifukwa chiyani ukufuna phunziro limeneli, maphunziro ako akukonzekeretsa bwanji, ndi zina zomwe wachita kunja kwa sukulu zokhudzana nalo. Zonse pamodzi zisapitirire zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo yankho lililonse lisachepere zilembo 350. Kumeneko umalowa mwachindunji mu phunziro lomwe wasankha, ndiye akufuna kudziwa ngati uinjiniyawo ukuufunadi ndipo ungauthe. Za mumtima mwako zichepe, za m'mutu zichuluke. Aphunzitsi ako a Chingerezi angasangalaleko pano, chifukwa kamvekedwe kake ndi kodekha, ka kalasi, ngakhale mawu akuluakulu ndi osafunikabe.

Mjigo womwewo ugwira ntchito, koma ngati umboni. Ngati wanu ndi wa mtundu wa Afridev, monga ili yambiri m'midzi mwathu, uli ndi zokamba zambiri. Mjigo umenewu unayambira ku Malawi konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ukutchedwa Maldev, ndipo unapangidwa dala moti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi zida zochepa, n'chifukwa chake tizigawo tomwe timatha msanga ndi ta labala ndi pulasitiki, totsika mtengo. Umatha kukweza madzi kuchokera pa mamita ofika 45. Pampu yokoka madzi ili pamwamba singathe zimenezo, chifukwa mphamvu ya mpweya wotizungulira imangokankha madzi kufika mamita 10 ndi pang'ono, ndipo pogwira ntchito zenizeni amakhala ochepera apo. N'chifukwa chake silinda ya mjigo imakhala pansi m'madzimo, yolumikizidwa ndi zitsulo zazitali zija mumazula makaniko akabwera. Zimenezi ndi Physics ya A-level yomwe ukuphunzira panopa. Ukalemba kuti phunziro la mphamvu ya madzi ndi mpweya linakuyankha funso lomwe unali nalo poona akuzula zitsulo, kenaka unapita kukawerenga zakuti, n'kutsala ndi funso lakuti, wayankha funso loyamba ndi lachiwiri nthawi imodzi. Wapampando ndi kupweteka kwa mtima kuja zitsale ku America.

Makoleji ambiri a ku America adzakupatsanso timafunso tina tating'ono, kawirikawiri kofunsa chifukwa chomwe wasankhira iwowo. Apa chiyeso ndi kuwatamanda, kuwauza kuti sukulu yawo ndi yotchuka padziko lonse. Akudziwa kale. Lowa pa tsamba lawo la pa intaneti, upeze kosi, labu kapena gulu la ophunzira lomwe likukhudzana ndi zamadzi, unene chomwe ungakachite nalo.

Poyamba kulemba usatsegule kompyuta. Tenga foni, uitane mnzako amene mumamasukirana, umufotokozere nkhani ya mjigo m'Chichewa uku ukujambula mawu. Pomvetsera udzapeza kuti pomwe iye anaseka, pomwe anafunsa kuti "ndiye zinatha bwanji?", ndi pomwe pali nkhani. Lemba kuchokera pamenepo m'Chingerezi chomwe umayankhula tsiku ndi tsiku, osamasulira liwu ndi liwu. Ukamaliza werenga mokweza. Chiganizo chomwe lilime likupunthwa nacho, kapena chomwe sunganene pamaso pa munthu osachita manyazi, si chako, chisinthe.

Owerenga asapitirire awiri kapena atatu. Chimangirizo chikadutsa m'manja ambiri chimatuluka chosalala koma chopanda mwini. Kwa aphunzitsi ako ukhoza kunena mwaulemu kuti, "Sala, mundithandize kuona galamala ndi pomwe sipakumveka, koma malamulo a fomuyi akufuna mawu akhale anga." Sukunama. Malamulo a Common App amaona ngati chinyengo kupereka zolembedwa ndi munthu wina kapena ndi makina ngati zako, ndipo UCAS imadutsitsa zolemba zonse m'makina ofufuza zofanana ndi za ena. Mphamvu za aphunzitsiwo zipite ku kalata yokuchitira umboni, m'mene iwo ali ndi ufulu wokuyamikira momwe iwe sungadziyamikire. Ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kuli alangizi a EducationUSA omwe amathandiza ana ofunsira malo kwaulere, afunse.

Nthawi usaiiwale. Common App imatsegulidwa pa 1 Ogasiti, ofunsira msanga ambiri amatseka cha pa 1 Novembala, ena onse chakumayambiriro kwa Januwale. Ku UCAS, Oxford ndi Cambridge amatseka pa 15 Okutobala, ena ambiri mu Januwale. Chimangirizo cholembedwa usiku womaliza chimabwerera ku kalata yofunsira ntchito ija, chifukwa ndi yomwe dzanja linazolowera.

Ndime yomaliza ndi pomwe ana ambiri amaterereka ngakhale atayenda bwino njira yonse. Amalonjeza kudzathetsa vuto la madzi m'Malawi monse, kapena amathokoza pasadakhale poganizira pempho lawo. Lonjezo lalikulu silikhulupirika kuchokera kwa mwana wa zaka 19, ndipo kuthokozako n'kwa m'kalata. Maliza pa funso lomwe mjigo wakusiyira ndipo ukufuna kukaliphunzira, kapena pa chinthu chomaliza chomwe chinachitika, basi. Kulemba mutu pamwamba si kofunika, moni wa "Dear Sir" ndi kutsanzika kwa "Yours faithfully" usaikemo. Ukamata zolembazo m'bokosi la pa fomu, yang'ananso ngati ndime zagawika bwino ndipo mawu sanapitirire 650, chifukwa akapitirira fomuyo siwalandira.